Miyendo Loweruka, Kugwada Lamulungu

A Hector ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali anga, ndiye ndikamawanyoza pano musandiyang'ane ndi diso lofiira ayi, ufulu umenewu ndinabadwa nawo. Ine ndine Edith. Ndili ndi katiyirumu pamsika wa Chipyela, ndipo pakhonde loyandikana nane ndi pomwe a Hector akhala akupalasa makina osokera kwa zaka makumi awiri ndi zisanu. Pachilumba chino cha Likoma palibe mwamuna amene a Hector sadziwa kukula kwa chiuno chake. Amangokuyang'anani kamodzi n'kutchula nambala, tepi ikabwera imangovomereza.

Chiuno chimodzi chokha ndi chimene sankachiyeza, chawo.

Mlandu wina ndi wanga, ndivomere. M'mawa uliwonse ndinkawapatsira mandasi anayi ndi tiyi wamkaka wa masipuni asanu a shuga, masana zitumbuwa. Munthu wongokhala pampando tsiku lonse, chogwedezeka mapazi okha. Mapeto ake mimba inayamba kutsogola, mwini wake kumabwera pambuyo.

Koma musawaone choncho, a Hector ndi munthu wa malipenga. Kuno gulu lililonse lovina malipenga timalitcha boma, ndipo boma lathu la ku Khuyu lili ndi Kingi wake, akapiteni, ngakhale dokotala. Dokotalayo alibe jakisoni. Ntchito yake ndi kuyendera ovina asanalowe m'bwalo, kuona ngati malaya ayera, masokosi afika m'mawondo, mabatani onse amangidwa, ndiponso ngati munthuyo ali ndi mpweya wovinira uku akuliza lipenga lake la chikho. Dokotala wathu ndi a Edmund, madala owonda ngati bango, oti kuseka anakuiwala kalekale. A Hector anayamba kuvina mzere woyamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo sanachokeponso mpaka Khirisimasi ya chaka chatha.

Tsiku limenelo gule ali pakati, batani la kabudula wawo linathothoka. Linauluka, abale, ndinaliona ndi maso angawa, n'kukamenya woyimba ng'oma pachipumi. Asanachire manyazi amenewo mpweya unawathera, lipenga n'kungoti fwii ngati tayala lanjinga. A Edmund anawagwira dzanja pamaso pa anthu onse n'kuwatulutsa m'bwalo. Kuyambira pamenepo ntchito ya a Hector m'boma inali yosunga majekete a anzawo ndi kuwatungira madzi akumwa.

Mufunsa kuti telala wathunthu analephera bwanji kukulitsa kabudula wake. Anali atamukulitsa kale kanayi, mumsoko munalibenso nsalu. Ndipo nsalu ya boma imagulidwa limodzi kuti iyere mofanana, chigamba cha nsalu ina a Edmund amachiona ali kutsidya la bwalo.

Kumapeto kwa Seputembala kunamveka kuti boma la ku Cobue, tsidya la Mozambique, lidzabwera kudzapikisana nafe tsiku lotsatira Khirisimasi. A Edmund analengeza mosapita m'mbali kuti: "Amene kabudula wake akumanga batani, ndipo ali ndi thanzi, adzavina. Otsalawo adzatunga madzi."

M'mawa mwake ndinaona chinthu chachilendo. A Hector anabisala kuseri kwa nsalu n'kudzikulunga tepi. Anatuluka nkhope itagwa.

"Zingati, amuna anga?" ndinafunsa. Asuweni timaitanana choncho.

"Fote-thuu," ananong'ona. "Kabudula amafuna sate-eyiti."

Mainchesi anayi, masabata khumi ndi awiri. Anaimbira foni Thandi, mwana wawo amene ali pakoleji ku Mzuzu ndipo amapita kujimu kukanyamula zitsulo. Thandi anasangalala ngati wapambana mayeso. Anawafotokozera kuti kungodzimana chakudya kumachotsa mafuta pamodzi ndi mphamvu, ndipo munthu wopanda mphamvu malipenga sangavine. Chofunika n'kunyamula zolemera masiku anayi pasabata, thupi n'kuligawa: tsiku lina chifuwa ndi mapewa, tsiku lina msana ndi mikono, tsiku lina miyendo, lachinayilo zonse pamodzi koma mopepuka. Masiku otsalawo n'oyenda ndi kupuma, chifukwa minofu imakula munthu akamapuma. Usipa, nyemba ndi mazira azidya mosaumira, kondowole achepetse, shuga ndi mandasi atsanzikane nazo. Sabata iliyonse aziwonjezera kulemera pang'ono.

"Masikuwo musankhe nokha, ababa, malinga ndi ntchito yanu," anatero Thandi.

Apa ndiye panagona nkhani. A Hector anatenga choko chawo chojambulira nsalu n'kulemba kuseri kwa chitseko: Lolemba chifuwa ndi mapewa, Lachiwiri kuyenda wapansi mpaka ku Yofu, Lachitatu msana ndi mikono, Lachinayi kupuma, Lachisanu zonse pamodzi. Miyendo anaiika Loweruka, ati poti Loweruka amatseka makina masana ndipo miyendo ndi imene imavina, ndiye ikufunika nthawi yokwanira. Lamulungu analembapo kuti "la Ambuye". Anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana ntchito ya manja awo, kunyada ngati amanga sitima.

Jimu yawo inali kuseri kwa nyumba, m'kati mwa mpanda. Zitini ziwiri za penti anazidzaza simenti n'kulowetsa paipi pakati. A Pedro, makaniko wa ku Cobue wokonza mainjini a maboti, anawapatsa chitsulo cha injini yakufa osafunsa ntchito yake. Panalinso zigubu za madzi ndi nthambi ya mango yodzikokerapo. Kenako anatiitana ine ndi akazi awo, a Marian, n'kutilumbiritsa titagwira buku la mapemphero kuti sitiuza munthu.

"Bambo wa zaka fote-naini kumanyamula zitini ngati wamisala," anatero. "Zikakanika, adzandiseka kawiri. Kamodzi kaja kandikwanira."

Loweruka loyamba ananyonyomala ndi kudzuka, paipi ili paphewa, mpaka nkhuku zinasiya kutola n'kumawayang'ana. Anamaliza ali bwinobwino, n'kumadzitama kuti Thandi amakokomeza.

Tsono inu amene simuli a kuno, mvetsani. Ife Aangilikani a pa Likoma timagwada. Sitigwada mongopusitsa ayi, timagwada zenizeni, pasimenti. Polowa bondo pansi, polapa machimo mawondo onse awiri, popemphera chimodzimodzi, ndiye pali kugwada kwakukulu kuguwa polandira Mgonero. Ndipo aliyense amene ananyamulapo zitsulo adziwa zimene ntchafu zimachita m'mawa mwake.

A Hector analowa m'tchalitchi akuyenda ngati bakha. Pogwada koyamba anangoti khu! n'kutulutsa ka "Mayo!" kamene kanamveka mpaka kukwaya. Kuguwa anafika, analandira. Anzawo onse anadzuka n'kubwerera, iwo ali pomwepo. Mzere wachiwiri unabwera, unalandira, unachoka, iwo ali gwadire. Anthu anayamba kusirira kuti a telala lero akhudzidwa mumtima. Ine ndinali kumbuyo, chitenje kukamwa, misozi ili chuchuchu ndi phwete. Pomaliza abambo awiri anawagwira m'khwapa n'kuwadzutsa ngati thumba la chimanga lotsika m'sitima.

Munthu wanzeru akanasintha tsiku. Msuweni wanga? Ati zolembedwa zalembedwa. Ndipo poti Thandi anati aziwonjezera pang'ono, iwo pang'ono wawo anali kumangirira chigubu chathunthu mbali iliyonse. Lamulungu lachiwiri anawadzutsa. Lamulungu lachitatu anawadzutsanso, abambo awiri aja atakhala kale pafupi kudikira.

Nthawi yomweyo zinthu zinayamba kugwira. Kolala ya malaya inamasuka, masaya analowa, lamba anabooledwa bowo latsopano. Tepi inati sate-naini. Ndipo pamsika, anthu ali tcheru, a Hector anabweza mbale ya mandasi n'kupempha tiyi wopanda shuga. Msika wonse unatembenuka kuwayang'ana. Dzuwa lisanafike pamutu nkhani inali itafika ku Yofu kuti a Hector akana mandasi.

Kuno munthu sawonda dala. Kunenepa ndi umboni woti pakhomo pali mtendere ndipo mkazi amaphika. Ndiye bambo akuwonda, akukana chakudya, akulephera kudzuka kuguwa, inuyo mukanaganiza chiyani? Lamulungu lachinayi wowerenga mapemphero anafika pa odwala, anatchula agogo awiri ogona, kenako n'kuti, "ndi Hector wa ku Khuyu." Mwini dzina ali pabenchi yachitatu, ndipo mwachizolowezi anayankha nawo mokweza kuti Ambuye amve pempherolo. Atazindikira kuti wadzipempherera yekha anatembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndinathawira panja.

Dzina likalowa pa odwala, amayi a mpingo amadzuka. Mtsogoleri wawo ndi mayi Lines, munthu wamtima wabwino koma woti akaganiza zokuchitira chifundo sungathawe. Anagawana masiku bwinobwino, kuposa mmene a Hector anagawira thupi lawo. Ulendo woyamba anabwera Lolemba madzulo, a Hector ali chagada pabenchi, paipi ili pachifuwa. A Marian anamva nyimbo ikuyandikira m'kanjira.

"Bambo a Thandi, amayi akubwera!"

Zitini anaziphimba ndi mphasa, chitsulo cha injini anachikhalitsira dengu, a Hector n'kuthamangira pakhonde kukagona pamkeka. Amayi anawapeza ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu.

"Kalanga ine!" analira mayi Lines. "Taonani thukutalo! Mayi a Thandi, munthu wafika pamenepa inu muli chete?"

Anaimba, anapemphera, kenako anavundukula mabeseni. Futali wa chinangwa wonona ndi nsinjiro, mpunga wosambira m'mafuta, zitumbuwa, thobwa wotsekemera ngati uchi. Chakudya cha odwala sichikanidwa, ndipo sasiya n'kumapita ayi, amakhala pomwepo kukuyang'ana mpaka mbale iyere. A Hector anadya. Mawa lake kunabwera gulu lina, anadya. Patatha masabata awiri tepi inabwerera pa fote ndi theka, ndipo ndinawapeza pakhonde lawo atagwira tsaya, makina ali duu.

Zoseketsa zinathera pamenepo kwa kanthawi, chifukwa pakamwa pa anthu panatembenukira kwa a Marian. Ena ati saphika, ena ati akubisa matenda, ena zoipa kuposa apo zimene sindingazibwereze. Mayi wofatsa uja, amene ankadzuka m'mawa kuwiritsa mazira ndi kuwotcha utaka wa amuna ake, ndinamupeza akulira kuseri kwa khitchini. Mtima unandiwawa kwambiri. Tsiku lina mayi wina anayamba nkhaniyo mutiyirumu mwanga momwe, ndinamulanda kapu tiyi ali pakati n'kumuonetsa khomo. Koma kunena zoona zake sindikanatha, ndinali nditagwira buku.

Kenako a Edmund anafika pakhonde la makina, ndodo kukhwapa.

"A Hector, pepani ndi matendawa. Dzina lanu ndalichotsa ngakhale pa otunga madzi. Munthu amene akuwerengedwa pa odwala sindingamulowetse m'bwalo kuti adzagwe pamaso pa alendo."

"Madala, sindikudwala ine."

"Odwala onse amatero," anayankha a Edmund, n'kumapita.

Apo ndiye mkwiyo wanga unasefukira. Lumbiro linali loti tisauze munthu, koma Thandi ankadziwa kale, ndiye ndinamuimbira, foni n'kuikweza kuti bambo ake amve.

"Ababa!" anakuwa mwanayo. "Miyendo Loweruka? Inu amene mumagwada kakhumi Lamulungu? Nanga mukuwonjezera zingati pasabata?"

"Chigubu," anayankha chapansipansi.

"Chigubu! Ndinati pang'ono, botolo limodzi lamchenga! Azakhali, tengani chokocho, iwowa asachigwirenso."

Ndinafufuta chitseko chonse ndi chisanza n'kulemba zimene Thandi ankanena. Lolemba miyendo, kuti ululu uthe sabata isanafike pakati. Lachiwiri chifuwa ndi mapewa. Lachitatu kuyenda ku Yofu. Lachinayi msana ndi mikono. Lachisanu zonse mopepuka, n'kumaliza ndi kuliza lipenga uku akuponda sitepe, kuti mpweya ukule. Loweruka manja m'thumba.

Nkhani ya mabeseni ndinaitenga ine. Msuweni amaloledwa mwano umene wina aliyense sangauchite, ndiye amayi akamafika ndinkafikanso, kukhala pamkeka pomwepo n'kumalanda.

"Amuna angawa akachira adzandisiya, bola ndidyeretu zawo!" ndinkatero, dzanja lili m'futali.

Amayi ankaseka n'kumandimenya ndi mipango, koma kuletsa sakanatha. A Hector ankanyambita supuni ziwiri, zotsalazo zinkalowa mwa ine. Mainchesi amene anachoka kwa iwo sanapite patali, ali pano, ndipo zilundu zanga zonse ndi mboni.

Pofika pakati pa Disembala tepi inati sate-eyiti. Kabudula anamanga batani popanda kukoka mpweya. Mapewa anatambasuka, ndipo lipenga ankaliliza kuchokera pakhomo mpaka pamlambe wa kumapeto kwa mudzi osapumira. Kuguwa akanatha kudzuka okha, koma abambo awiri aja anali atazolowera, ankawanyamula asanayese n'komwe, ndipo a Hector ankachita manyazi kuwakana.

Chotsala chinali dzina. Kwathu kuno dzina limachoka pa odwala m'njira ziwiri. Ina ndi ya kumanda. Inayo ndi yoti mwini wake apite kutsogolo ndi chopereka cha chithokozo, anene pamaso pa mpingo kuti Mulungu wamuchiritsa, agwade, ansembe amudalitse.

"Ndiye pitani, mukanene," ndinatero. "Mawu awiri okha."

"Ndikaname kuguwa, Edith? Ndithokoze kuchira matenda amene sindinadwale?"

"Nanga mukufuna kuvina kapena ayi?"

"Ndikufuna kuposa chilichonse," anatero. "Koma osati ndi bodza la m'tchalitchi."

Ndinawatukwana mayina onse amene msuweni amaloledwa, sanasunthe. Lamulungu lina linadutsa. Linatsala limodzi, lomaliza Khirisimasi isanafike, ndipo a Edmund anali atanena kuti mayina a ovina adzawatseka tsiku lomwelo.

M'mawa umenewo a Hector anavala suti yawo yakuda, imene tsopano inkalendewera m'mimba n'kuthina m'mapewa. Ansembe atafunsa ngati pali wothokoza, anaimirira, tambala woyera ali kukhwapa. Tchalitchi chonse chinati phuu, amayi kuyamba kale kupukuta maso.

"Abale anga," anayamba, "ine sindinadwale."

Anthu anayang'anana.

"Ndakhala ndikunyamula zitini za simenti kuseri kwa nyumba. Kuwondaku n'kwadala. Kulephera kudzuka kuja, ndinkalimbitsa miyendo Loweruka."

Wina kukwaya anaphulika. Kenako benchi yonse ya achinyamata, kenako abambo, mpaka ansembe anabisa nkhope kuseri kwa buku, mapewa akugwedezeka. Chimene a Hector ankachiopa kwa miyezi itatu chinawagwera chonse nthawi imodzi, ndipo anaima pomwepo n'kuchilandira, tambala akuphupha.

"Nanga futali wathu uja?" anafunsa mayi Lines ataimirira, manja m'chiuno.

"Anadya Edith, mayi."

Mbambadi, mitu yonse inatembenukira kwa ine, ndipo kuseka kunayambiranso. Ndinangoweramitsa nkhope, ndikanatani.

A Hector anadikira mpaka phokoso litatsika. Atayambanso, mawu awo anali ena.

"Mayi a Thandi munawanena kuti saphika. Anakhala chete chifukwa ine ndinawalumbiritsa. Wolakwa ndine, ndipo ndikuwapepesa pamaso panu." Anakweza tambala uja m'mwamba. "Tambalayu ndabwera naye chifukwa chothokoza chilipo. Chaka chonsechi ndakhala ndikusunga majekete a anzanga, ng'oma ikulira, mapazi anga akuvina okha m'nsapato. Ndinkafika kunyumba osafuna kuyankhula ndi munthu. Zinkandipweteka kwambiri, ndipo palibe amene ndinamuuza. Dzina lake la zimenezo sindilidziwa, koma munandipempherera, ndipo zachoka."

Palibenso anaseka. Anapereka tambala, anagwada pasimenti mwakachetechete, ansembe anawasanjika manja. Dalitso litatha, abambo awiri aja ananyamuka monga mwa masiku onse, manja atatambasula kale.

"Asiyeni!"

Anali a Marian. Mayi amene sindinamumvepo akukweza mawu chikwatiwire, anaimirira pakati pa amayi onse aja n'kubwereza kuti, "Asiyeni amuna anga adzuke okha."

A Hector anaika manja kumbuyo ngati msilikali. Anadzuka kamodzi n'kamodzi, msana uli chilili, osagwira kanthu. Nthungululu imene inalira m'tchalitchimo sindinaimvepo ngakhale paukwati, ndipo anaiyambitsa mayi Lines.

Panja a Edmund anali akudikira pamthunzi. Anawazungulira a Hector kawiri, anawagogoda pamimba ndi ndodo, analowetsa chala palamba, anawauza kuti apume mwamphamvu. Anthu tonse tinaunjikana osaphethira.

"Kabudula akumanga?"

"Akumanga, madala."

"Masokosi muwachape ndi buluu kuti ayere mbee," anatero a Edmund. "Mzere woyamba, kudzanja lamanja."

Msuweni wanga anagwira dzanja la a Edmund ndi manja awiri. Misozi inatsika mpaka pakolala, ndipo ine amene ndinali nditakonzeratu chipongwe chabwino ndinapezeka ndikulira nawo. Kenako phazi lawo lamanja linaponda pansi, lamanzere linatsatira, mapewa anagwedezeka. Popanda ng'oma, popanda lipenga, m'suti yakuda dzuwa lili pamutu, a Hector anayamba sitepe ya malipenga pabwalo la tchalitchi n'kulowa nayo m'kanjira ka ku Khuyu. A Marian anavula nsapato zawo za Lamulungu, kuzinyamula m'manja, n'kuwatsatira akuvina mpaka kunyumba.